Bwanji anthu amayamba n'kuvinira alendo odzaona malo kenako n'kumadzawathira madzi?

Namzeze analemba:

Moni nonse muno. Pali chinthu chandizunguza mutu kuyambira dzulo. Ndimaonera kavidiyo ka mu Julayi 2024, anthu a mumzinda wa Barcelona ku Spain ali pa zionetsero akuthira madzi alendo ndi timfuti tazidole tija ana amaseweretsa, alendowo ali phee pa lesitilanti akudya, kenako kudzambatuka n'kuthawa. Ena anyamula zikwangwani zoti alendo bwererani kwanu. Ine ndinangoti kakasi. Paja nkhani ya zokopa alendo ikamabwera pa dera imabwera ngati uthenga wabwino eti, ntchito zipezeka, misewu ikonzedwa, ndalama zakunja zilowa, ndiye aliyense amaomba m'manja. Nanga awawa zawavuta pati? Ndi kukhuta chabe kapena pali china chomwe sindikuchiona?

Ndikufunsa chonchi chifukwanso ndili ndi asayimenti kusukulu ya momwe eni dera amaonera chitukuko cha zokopa alendo, alekichala akufuna tikonze mafunso okafunsa anthu, koma ine ndikuona ngati ndikangofunsa kuti "kodi mumasangalala ndi alendo" aliyense angoti eya basi nkhani yatha. Odziwa thandizeni chonde.

Tsokonombwe analemba:

Achemwali, funso lanuli si lachilendo ayi, linafunsidwa kalekale. Mu 1975 munthu wina dzina lake George Doxey, ataona zomwe zimachitika ku Barbados ndi ku Niagara-on-the-Lake ku Canada, anati mtima wa eni dera umayenda masitepe anayi. Poyamba ndi chimwemwe, alendo ndi ochepa, aliyense akufuna kuwapatsa moni ndi kuwaonetsa njira. Kenako kuzolowera, mlendo wasanduka kasitomala basi, palibenso zomufunsa kuti kwanu kuli bwanji. Lachitatu ndi kunyansidwa, pamene anthu ayamba kuona kuti basi yadzaza, madzi sakutuluka pa mpopi, phokoso usiku onse. Lomaliza ndi udani weniweni, chilichonse choipa chikachitika akuti ndi alendowa. Mu 1980 Richard Butler anadzalembanso zofananako koma iye amayang'ana malowo, kuti amatulukira, n'kutchuka, n'kudzaza, kenako kapena kutha mphamvu kapena kudzukanso. Alekichala anu awiriwa akuwadziwa ndithu, muwatchule kuti mupeze mamalikisi kkkk.

Koma za Barcelona zo si kukhuta. Mzindawu unadzitsatsa wokha mwamphamvu kuyambira pa masewero a Olympics a 1992 ndipo anthu ake ankanyadira. Chomwe chadzawapsetsa mtima kwambiri ndi nyumba. Landilodi akawerengera amaona kuti kubwereketsa nyumba kwa alendo masiku atatuatatu kudzera pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lobwereketsera nyumba kwa alendo, kukumupatsa zambiri kuposa kusunga banja limodzi chaka chonse, ndiye banja lija amaliuza kuti lisamuke, kapena lendi imangokwera mpaka lichoke lokha. Mwana wobadwira mumzindamo akulephera kupeza pokhala mumzinda wa makolo ake. Nchifukwa chake meya wawo Jaume Collboni analengeza mu Juni 2024 kuti malaisensi a nyumba pafupifupi 10,000 zobwereketsa kwa alendo adzatha pofika Novembala 2028. Meya sangachite zimenezo ngati anthu akungodandaula zopanda mutu.

Ku Venice, ku Italy, ndiye zinafika poipa. Pakati pa mzinda wakalewo munkakhala anthu pafupifupi 175,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, koma mu 2022 chiwerengero chinatsika kufika pansi pa 50,000. Sikuti onsewo anathamangitsidwa ndi alendo, madzi osefukira ndi kusowa kwa ntchito zina zinathandizira, koma taganizani inuyo kukhala malo oti shopu yogulitsa zinthu zapakhomo yatsekedwa mwalowa yogulitsa tizikumbutso, ina chimodzimodzi, sukulu ana akuchepa chaka ndi chaka. Umatsala ngati chinthu choonetsa pakhomo pako pomwe.

Gaidi_Wopuma analemba:

Mwana wanga Namzeze, ine sukulu ya zimenezi sindinapite koma ndayenda ndi alendo zaka zambiri mpaka mawondo anakana, ndiye ndiyankhe monga momwe ndinaonera.

Zomwe alemba a Tsokonombwe ndi zoona koma masitepe anayiwo ali ndi vuto limodzi, amatenga dera lonse ngati munthu m'modzi wa mtima umodzi. Palibe dera lotero. Tsiku lomwelo, msewu womwewo, mupeza wina ali pa sitepe yoyamba akuvina chifukwa mwana wake walembedwa ntchito pa hotela, pamene neba wake ali kale pa sitepe yachinayi chifukwa njira yomwe ankadutsa popita kumadzi aitseka ndi mpanda ndipo pali mlonda akumufunsa kuti ukufuna chani kuno. Onsewa ndi eni dera. Ndiye inu mukadzaphatikiza mayankho awo n'kulemba kuti "anthu ambiri akusangalala pang'ono" mwanama, palibe amene akusangalala pang'ono, alipo amene akudya ndi amene akungomva fungo.

Ine ndinagwirapo pa loji ina, sinditchula. Alendo ankalipira ulendo onse ali kwawo, ndege ya kwawo, kampani yokonza ulendo ya kwawo, ikafika ndalama kuno yatsala yochepa, ndipo yochepayo yambiri ikupita kwa mwini loji amenenso si wa pamalopo. Zakumwa zochokera kutali, ngakhale zinthu zoti anthu oyandikana nafe akanatha kulima zinkabwera pa galimoto kuchokera kutauni ati chifukwa akufuna za saizi imodzi. Anthu a pamalopo ntchito zawo zinali kuchapa, kusesa, ulonda, kunyamula zikwama. Manijala, akauntanti, wamkulu wa kukhitchini, onse obwera. Nyengo ya alendo ikatha theka la antchito kunyumba osalipidwa mpaka chaka chamawa. Ndiye bwana akaima pa miting'i n'kumati tabweretsa ntchito 60 sakunama, koma funsani kuti ntchito zanji, miyezi ingati pa chaka, ndipo pa zaka khumi ndi angati a pamalopo anakwezedwa.

Chinanso chomwe anthu samachiwerengera ndi madzi. Dziwe losambiramo ndi kapinga wobiriwira wa pa hotela zimamwa madzi ochuluka zedi, ndipo hotela ili ndi ndalama yokumba chitsime chakuya kuposa cha wina aliyense. Chitsime cha anthu chikauma iwo sawerenga malipoti, amangoyang'ana kuseri kwa mpanda n'kuona kapinga akuthiriridwa masana dzuwa lili pamutu. Udani umayambira pamenepo, osati pa mlendo mwini wakeyo. Kunena zoona alendo ambiri omwe ndinayenda nawo anali anthu abwino, ena mpaka pano timalemberana, samadziwa n'komwe kuti shawa yawo ikuumitsa chitsime cha munthu.

Pa mafunso anuwo, osafunsa kuti mumakonda alendo. Munthu aliyense woleredwa bwino ayankha kuti eya, ndani angavomere kuti amadana ndi mlendo? Funsani kuti m'nyumba mwanu alipo amene amalandira ndalama kuchokera ku zimenezi? Pali malo omwe munkapita kale koma pano simuloledwa? Asanamange anakufunsani, ndipo zomwe munanena zinasintha kanthu? Mukafuna kudandaula mumapita kwa ndani? Ndipo muwafunse paokha, osati pa msonkhano pomwe atsogoleri a dera ndi a hotela akhala kutsogolo.

Kadzidzi_77 analemba:

Aaa koma abale tisanamizane apa. Walira mvula walira matope. Ukufuna ndalama za alendo koma sukufuna kuona alendowo, zitheka bwanji? Anthu omwewa akuthira anzawo madziwa mu 2020 ankalira, Covid itatseka ndege maulendo a pakati pa mayiko anatsika ndi 70 peresenti n'kupitirira, mahotela gwa, malesitilanti gwa, oyendetsa mataxi ali manja lende. Nthawi imeneyo sindinamve wina akuti bola alendo apita. Ku Canary Islands, zilumba za dziko la Spain, anachita zionetsero zazikulu mu Epulo 2024 koma chuma chawo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi alendo omwewo, atachoka mawa adya chani?

Onani za Boracay ku Philippines. Duterte, pulezidenti wawo wa nthawi imeneyo, anatseka chilumba chonse miyezi 6 kuyambira Epulo 2018 ati chasanduka dzenje la zonyansa, chabwino nyanja inayera, koma amene anavutika ndi ndani? Si eni mahotela akuluakulu ayi, iwo ali ndi ndalama ku banki. Ndi wopalasa bwato, wogulitsa pamsewu, wochapa. Ndiye ine ndimaona kuti ambiri ofuula kuti alendo achoke ndi anthu oti salale yawo imabwera kaya alendo alipo kaya palibe. Wosauka weniweni amafuna alendo achuluke. Mundikhululukire madala Gaidi koma ntchito yosesa ndi ntchito ndithu, kuposa kukhala.

MayiWaAwiri analemba:

A Kadzidzi, pa Boracay mwanena zoona, wamng'ono ndi amene amapsa. Koma mwaiona mbali imodzi. Amene anamanga mahotela osalumikiza mapaipi a zonyansa bwinobwino si wopalasa bwatoyo, koma chilango anagawana naye. Phindu likamabwera amadya ochepa, zikavuta mtolo ndi wa onse, ndiye mukudabwa kuti anthu amakwiya?

Komanso zoti wosauka amafuna alendo achuluke, zimatengera kuti amutenga chani kuti alendowo abwere. Amaasai anachotsedwa ku Serengeti, ku Tanzania, mu 1959 kuti kukhale paki, n'kuwauza kuti akakhale ku Ngorongoro. Mu Juni 2022 ku Loliondo boma la Tanzania linadula malo okwana masikweya kilomita 1,500 ati osungirako nyama, kunali kumenyana, anthu kuvulala, ena kuthawira ku Kenya. Koma tsegulani kabuku kalikonse kotsatsa maulendo a kumeneko, chithunzi choyamba ndi Mmaasai wavala zofiira akudumpha. Nkhope yake ikugulitsa ulendo, ng'ombe zake zilibe podya. Ku Uganda Abatwa anatulutsidwa m'nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga mu 1991 pomwe zinkasanduka mapaki a anyani akuluakulu aja a gorila, ambiri sanapatsidwe malo ena, pano ena amapeza ndalama povinira alendo ndi kuwaonetsa momwe ankakhalira m'nkhalango momwe anawachotsamo. Inu mukapita ndi fomu yanu kukamufunsa munthu ameneyo kuti kodi zokopa alendo zimakupindulira, ayankha kuti eya chifukwa lero wadya ndi ndalama ya gule. Koma yankho limenelo likunena zonse?

Ndipo si nkhani ya ndalama yokha. Ulemu. Ku Kyoto ku Japan, dera la Gion, anthu si osauka, koma anatopa ndi alendo othamangitsa ma geisha (amayi osangalatsa anthu ndi magule ndi nyimbo zachikhalidwe) ndi makamera, kuwakoka zovala, kulowa m'mipanda ya eni, mpaka mu 2024 analetsa alendo kulowa m'tinjira tina ta eni ake. Ku Fujikawaguchiko, ku Japan komweko, khonsolo inachita kuimika chinsalu chakuda mu Meyi 2024 kutchinga phiri la Fuji kuti lisaoneke pa malo ena pomwe anthu ankadzazana kujambula, kuima pakati pa msewu, kutaya zinyalala pakhomo pa anthu. Ndipo alendo ena anayamba kuboola chinsalucho kuti alowetse kamera kkkkk ine ndinaseka koma ndi zomvetsa chisoni. Tangoganizani munthu wosamudziwa akujambula mwana wanu ali pakhonde osapempha, mawa chithunzi chili pa Instagram. Ine ndiye ndingamuthire madzi a mu ndowa osati a kamfuti.

Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, nchifukwa chake timamupirira ndi kumupatsa zabwino. Koma mwambiwu unkanena mlendo m'modzi wobwera n'kupita. Uyu akachoka m'mawa masana kwafika basi ina, mawa sitima yapamadzi yatsitsa anthu masauzande nthawi imodzi, chaka chonse mame osakamuka, limenelo ndi dambo tsopano.

Kadzidzi_77 analemba:

Mayi mwandigwira pa za Loliondo, pamenepo sinditsutsa, kulanda malo ndi kulanda basi. Koma zimenezo ndi boma osati mlendo. Ndiye ku Barcelona nako mfuti ya madziyo akanakathira meya.

Tsokonombwe analemba:

Kkkk aise Kadzidzi apo ndiye tagwirizana, ndipo ambiri ochita zionetserowo amanenanso zomwezo, kuti mkwiyo wawo ndi wa kwa andale ndi eni nyumba, kungoti mlendo ndi amene ali pafupi komanso ukathira mlendo makamera a dziko lonse amabwera, ukalemba kalata ku khonsolo palibe amene amva.

Madala Gaidi andikonza bwino pa za Doxey, ndavomera. Ofufuza enanso anaona zomwezo, nchifukwa chake John Ap mu 1992 anabwera ndi maganizo oti munthu aliyense amachita kuyeza ngati pa sikelo, zomwe ndikupeza ndi zomwe ndikutaya, zikalemera zopeza amachirikiza, zikalemera zotaya amakana. Ndiye achemwali Namzeze mu asayimenti yanu muwasiyanitse anthuwo, wogwira ntchito ya alendo ndi wosagwira, wokhala pafupi ndi pomwe alendo amadzazana ndi wokhala patali, wa nyumba yake ndi wa lendi. Wa nyumba yake mitengo ikakwera amamwetulira, wa lendi amalira, nkhani imodzi yomweyo.

Koma ndimafuna ndiwonjezere za kugawana ndalama chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi amenewo basi. Rwanda inayamba mu 2005 kupereka 5 peresenti ya ndalama za m'mapaki ku madera oyandikana nawo, mu 2017 anakweza kufika 10 peresenti, chaka chomwecho chiphaso chokaonera gorila ku paki ya Volcanoes chinakwera kufika madola 1,500 munthu m'modzi. Ndalamazo zamanga masukulu, zipatala zing'onozing'ono, matanki a madzi, ndi zinthu zooneka ndithu. Uganda lamulo lake limati 20 peresenti, ukamva choncho umati bola Uganda, koma ndi 20 peresenti ya ndalama yolowera pageti, osati ya chiphaso chonse cha gorila chomwe ndiye chili ndi ndalama zambiri. Ndiye mukamva peresenti muzifunsa kuti peresenti ya chani.

Vuto lina, kalasi yomangidwa ndi ya aliyense, koma njovu ikalowa m'munda imadya wa munthu m'modzi. Iyeyo mukamuuza kuti taonani sukulu iyo sizimubwezera chakudya cha ana ake. Ku Zimbabwe pulogalamu ya CAMPFIRE, yoti anthu okhala pafupi ndi nyama zakutchire azipindula nazo, yomwe inayamba mu 1989 inatchuka dziko lonse, koma dandaulo lomwe linkamveka kawirikawiri ndi loti ndalama zimadutsira ku makhonsolo ndipo zofika kwa anthu enieni okhala ndi nyamazo zimachepa. Namibia inayenda njira ina, lamulo la 1996 linalola anthu a m'madera kukhazikitsa mabungwe awo osamalira nyama, pano alipo opitirira 80, ndipo kampani ikafuna kumanga loji imakambirana ndi bungwe la anthuwo, kusainirana kontirakiti, kugwirizana za ntchito ndi gawo la ndalama. Sikuti kulibe mikangano, makomiti ena amadya ndalama ngati kwina kulikonse ndipo mabungwe ena sapeza kanthu chifukwa ali malo oti alendo safikako. Koma kusiyana kwake ndi koti kumeneko anthu ali ndi mphamvu yokana. Kupatsidwa 10 peresenti ya chinthu chomwe wina anakusankhira ndi kwina, kukhala pa tebulo pomwe akusankha ndi kwinanso.

Venice ndi chitsanzo chabwino cha zimenezi. Mu Epulo 2024 anayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa. Mungaganize kuti eni mzinda anasangalala eti? Tsiku loyamba lomwelo ena anachita zionetsero kukana, ati mwasandutsa mzinda wathu paki ya masewero yolowera pa tikiti, ife timafuna nyumba zokhalamo. Akuluakulu anayankha funso lomwe anthu sanafunse. Bhutan, dziko la ku Asia, ndiye inasankha zoti alendo akhale ochepa koma olipira kwambiri, msonkho wa tsiku lililonse unafika madola 200 mu 2022, koma mu 2023 anautsitsa kufika 100 chifukwa alendo anachepa kwambiri ndipo a mahotela ndi magaidi ankadandaula. Apa ndiye mfundo ya Kadzidzi ija ikugwira, ukatseka kwambiri pali ena a pamalo pomwepo amene agona ndi njala.

Namzeze analemba:

Eee zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera zonsezi. Funso langa loyamba lija ndalifufuta kale kkk. Pano ndagawa fomu pawiri, zomwe munthu wapeza ndi zomwe wataya, ndawonjezeranso loti anafunsidwapo asanamange. Koma agogo Gaidi, mwati ndiwafunse paokha, nanga poti kuti ndilowe m'dera ndiyenera kudzera kwa atsogoleri omwewo, ndipo mwina andipatsa munthu wondiperekeza khomo ndi khomo? Ndikana bwanji osaoneka wamwano?

Gaidi_Wopuma analemba:

Osakana mwana wanga, ukakana ndiye watseka zitseko zonse. Tsiku loyamba yenda naye, apite nawe komwe akufuna, ndipo ndikuuziretu kuti akakufikitsa kwa amene ana awo ali pa ntchito ku hotela, kwa mayi wa gulu lopanga tizikumbutso, kwa wapampando wa komiti. Lemba zonse, ndi zoona zawo. Koma ukamayenda uziyang'ana makomo omwe akuwadumpha, ndi njira yomwe wanena kuti uko kulibe anthu. Tsiku lachiwiri umuthokoze, umuuze kuti lero ndingomaliza tina ndi tina musavutike, ubwerere wekha kumakomo anadumphidwa aja.

Upitenso nthawi yomwe alendo kulibe, osati pa nyengo yawo pomwe aliyense ali ndi kenakake m'thumba. Ndipo fomuyo usaitulutse msanga, anthu akaona pepala ndi cholembera amaganiza kuti mwina ndiwe wa bungwe lobweretsa thandizo kapena watumidwa ndi a hotela, onsewo amayankhidwa mosamala. Khala kaye pansi, funsa za mpanda uwo kuti unamangidwa liti, kale kunali chani kuseriko. Amayi ndi amene amadziwa za madzi ndi nkhuni, asodzi ndi abusa a ziweto amadziwa za njira zotsekedwa, anyamata amadziwa amene analembedwa ntchito ndi momwe anailowera. Ukamaliza udzatiuze kuno zomwe wapeza, ine ndikufuna ndimve makamaka za makomo odumphidwawo.